Sikani yati ubongo uli bwinobwino, nde mchimwene wanga akudwala chani?

Funso labwera motere, ndalifupikitsa pang'ono: "Adokotala, mchimwene wanga wa zaka 23 anayamba kumva mawu omunyoza, osagona, kukana chakudya ati tamuthirira poizoni. Kuchipatala anati ndi schizophrenia ndipo akumwa mankhwala. Ine ndinaona pa Facebook zithunzi za ubongo wa odwala matendawa, wooneka wofota wamabowo akuluakulu, nde tinasonkherana ndalama nkukamujambulitsa MRI kuchipatala cholipira. Lipoti labwera kuti ubongo uli bwinobwino. Pano amalume akuti basi si matenda a kuchipatala amenewa, asiye mankhwala tipite naye kwina. Kodi madokotala analakwitsa?"

Achemwali, pepani ndi matenda. Ndiyambe ndi chachangu chifukwa zina zonsezi zitha kudikira koma ichi ayi: mankhwalawo asasiye. Lipoti loti ubongo uli bwinobwino silikutsutsa zomwe anakuuzani kuchipatala olo pang'ono. Odwala schizophrenia ambiri mukawalowetsa mu MRI lipoti limatuluka choncho, loyera, ndipo dotolo amene amaona odwala maganizo tsiku ndi tsiku akaliwerenga sadabwa, ndi zomwe amayembekezera kumene. Mpaka lero kulibe sikani, kaya ku Blantyre kaya ku Johannesburg kaya ku London, yomwe ingajambule munthu mmodzi nkunena kuti uyu ali ndi schizophrenia, uyu alibe.

Matendawa timawazindikira pocheza ndi wodwala komanso ndi amene amakhala naye pakhomo. Timafunsa kuti mawuwo amawamva kuyambira liti, amati chani, zomwe amakhulupirira zoti akumusaka kapena kumuthirira mankhwala zagwira mizu bwanji, kalankhulidwe kake kakumveka kapena kakungodumphadumpha, wasiya kusamba, wasiya sukulu kapena ntchito, amasuta chamba, anagwapo khunyu, kubanja alipo wina anadwalapo chonchi. Buku lozindikirira matenda la bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limafuna kuti zizindikirozo zikhale zatha mwezi, la ku America limafuna kuti vuto lonse likhale latha miyezi 6. Nde inuyo mmene munkafotokoza kwa dotolo zomwe mwakhala mukuona kunyumba, kumeneko ndiye kunali kuyeza kwenikweni, osati kuti anangoganizira chabe chifukwa analibe makina.

Koma zithunzi munaona zija si zabodza zonse ayi, zili ndi pomwe zinachokera ndipo ndikufuna mumve bwino mbiri yake kuti mukathe kuwafotokozera amalume.

Nkhaniyi inamveka kwambiri mu 1976. Makina a CT, ojambula mkati mwa mutu ndi ekisire, anali atangobwera kumene, wodwala woyamba anamujambula nawo mu 1971 ku London, ndiye dotolo wina wamayi wa ku Scotland, Eve Johnstone, pamodzi ndi Tim Crow ndi anzawo pa chipatala cha Northwick Park anatenga odwala osakwana 20 amene anakhala mchipatala zaka zambiri nkuwajambula mitu. Mkati mwa ubongo wa munthu aliyense, inu ndi ine, muli timipata tokhala madzi, ma ventricle, nde iwo anapeza kuti mwa odwalawo timipatato tinali tokulirapo poyerekeza ndi anthu amsinkhu womwewo osadwala. Lero zingaoneke zazing'ono koma nthawi imeneyo zinagwedeza anthu, chifukwa kunali akatswiri ambiri ndithu amene ankaphunzitsa kuti matendawa amabwera ndi kaleredwe, ati mayi wouma mtima ndi amene amasokoneza mwana mutu. Azimayi ambiri anasenza mlandu woti sunali wawo, mwana akudwala iwonso akulozedwa chala. Zithunzi za CT zija zinathandiza kubweza nkhani ku ubongo, kuti ndi chiwalo cha thupi chimene chikudwala.

Kafukufuku amene ine ndimamukonda kwambiri ndi wa mapasa, anatuluka mu 1990 mu magazini ya New England Journal of Medicine, anachita ndi Richard Suddath, Fuller Torrey, Daniel Weinberger ndi anzawo ku America. Anapeza mapeya 15 a mapasa ofanana ndendende, obadwa ku dzira limodzi, pomwe mmodzi akudwala schizophrenia mnzake ali bwino. Anawajambula onse ndi MRI. Pa mapeya 14 mwa 15 aja, wodwalayo anali ndi hippocampus ya kumanzere yocheperapo kuposa ya mnzake, hippocampus ndi kachigawo kali mkati chakumbali kwa mutu kamene kamathandiza kusunga zomwe waona ndi kumva, ndipo ma ventricle ake anali okulirapo pa mapeya ambiri. Atangoika zithunzi ziwirizo pambalipambali nkuyang'ana ndi maso, anatha kuloza wodwala pa mapeya 12. Tamvetsani apa achemwali, chomwe chinapangitsa kuti kusiyanako kuoneke ndi choti panali mnzake woyerekeza naye, ubongo wina wa magazi omwewo, msinkhu womwewo, wokulira nyumba imodzi. Chithunzi cha wodwala chikakhala chokha patebulo kusiyana koteroko kumabisala, chifukwa anthu abwinobwino nawonso ma ventricle awo ndi osiyana sayizi kwambiri, wina aakulu wina aang'ono. Mchimwene wanuyo alibe mapasa woti timuyerekeze naye, alibenso chithunzi chomwe anajambulidwa ali ndi zaka 15 asanayambe kudwala.

Masiku ano akafukufuku anasiya kudalira timagulu ta anthu 15 kapena 20, amaphatikiza zithunzi za mayiko ambiri. Pali gulu lotchedwa ENIGMA limene mu 2016 linayerekeza odwala 2,028 ndi anthu osadwala 2,540 ochokera malo 15 osiyanasiyana, ndipo linapeza zomwezo: hippocampus ndi tizigawo tina ta mkati mwa ubongo, amygdala ndi thalamus, zocheperapo, ma ventricle okulirapo. Mu 2018 anayang'ana chikuto cha pamwamba pa ubongo, cortex, mwa odwala 4,474 ndi osadwala 5,098, nkupeza kuti mwa odwala ndi chopyapyala pang'ono makamaka kutsogolo cha pachipumi ndi m'mbali cha kumakutu, zigawo zomwe zimagwira ntchito yolingalira, yokonza zochita ndi yomva chilankhulo. Nde kuti ubongo umasintha, pamenepo palibenso mkangano. Funso ndi loti umasintha mochuluka bwanji. Kafukufuku wina wa 2013 amene anasonkhanitsa zotsatira za anthu opitirira 18,000 anapeza kuti ubongo wonse wa odwala ndi wocheperapo ndi 2.6 peresenti basi, pa avereji. Cortex yomwe tikunenayi kuchindikala kwake ndi mamilimita awiri kapena atatu m'malo ambiri, ndiye kusiyana komwe akunena ndi kachidutswa kakang'ono ka milimita imodzi, diso silingakaone.

Ganizirani za kusikelo ya ana. Mutayeza ana 2,000 a boma lina ndi ana 2,000 a boma linanso mutha kupeza kuti a uku pa avereji ndi opepukirapo pang'ono, ndipo zimenezo ndi zoona, zili ndi tanthauzo, aboma ayenera kufunsa kuti chikuchitika ndi chani kumeneko. Koma ndikakupatsani khadi la mwana mmodzi lolembedwa makilogalamu ake nkukufunsani kuti wachokera boma liti, simungadziwe, chifukwa uku kuli ana onenepa ambirimbiri ndipo ukonso kuli ana opepuka ambirimbiri. Ubongo wa odwala ndi wa osadwala umalowana chonchi, ambiri a gulu ili sayizi yawo ili pakati pa a gulu linalo.

Komanso amene anawerenga sikani ya mchimwene wanu ndi wakafukufuku sagwira ntchito imodzi. Dotolo wowerenga zithunzi amakhala pa kompyuta nkumatsika kagawo ndi kagawo kuyambira pa liwombo mpaka pakhosi, akusaka chotupa, magazi otayikira mkati, mafinya, chipsera cha sitiroko kapena cha ngozi, madzi ochuluka mopitirira. Akapanda kupeza amalemba kuti zili bwino, ndipo walemba zoona. Wakafukufuku amalowetsa zithunzi mazanamazana mu pulogalamu yoyeza kachigawo kalikonse nkuphatikiza masamu. Zithunzi zamitundumitundu zija, zofiira apa zabuluu apo, kawirikawiri si ubongo wa munthu mmodzi ayi, ndi mapu a masamu osonyeza pomwe magulu awiri asiyana. Ndipo zija zoika ubongo uwiri pambalipambali, wina wodzaza wina wamabowo, woika pa intaneti amasankha dala chomwe kusiyana kukuoneka kwambiri.

Chinanso, olo lipoti likanabwera kuti ma ventricle ndi aakulu, sitikanati tapeza schizophrenia. Mowa wa zaka zambiri umachita zomwezo, ukalamba umachita zomwezo, HIV yosalandira mankhwala, kuvulala mutu, ngakhale matenda ena a maganizo ngati bipolar amaonetsa kusintha kofananako. Anthu ayesa kuphunzitsa makompyuta kuti azisiyanitsa okha, pa zithunzi za chipatala chomwe aphunzirira amachita bwino ndithu koma ukawapatsa za makina ena kudziko lina amayamba kuphonya, nchifukwa chake sanalowe mu ntchito ya tsiku ndi tsiku ya kuchipatala.

Mwina mukufunsa kuti nanga chimachepetsa ubongowo ndi chani. Si kuti ukuwola ayi, ndipo ndikunena izi motsindika chifukwa mawu oti wofota aja amaopseza mabanja. Pa matenda a Alzheimer, oiwalaiwala aja a okalamba, maselo a ubongo amafa ambirimbiri. Pa schizophrenia akapima ubongo wa anthu omwalira sapeza imfa ya maselo yoteroyo, chomwe chimaoneka kwambiri ndi kuchepa kwa timinyanga ndi timfundo tomwe maselo amalumikizirana. Munthu aliyense akamatha msinkhu mpaka zaka za m'ma 20 ubongo umadula zolumikizira zina zomwe sizikugwira ntchito, ndi kukhwima kwabwinobwino kumeneko. Mu 1982 Irwin Feinberg anapereka ganizo loti mwa odwala schizophrenia kudulaku kumasokonekera, ndipo mu 2016 gulu la Steven McCarroll ndi Beth Stevens ku Boston linapeza kuti jini (kalangizo ka m'maselo kotengera kwa makolo) yotchedwa C4, yomwe imathandiza kuika chizindikiro pa zolumikizira zoti zichotsedwe, ikamagwira ntchito mopitirira chiopsezo cha matendawa chimakwera. Zimenezi zikugwirizana ndi msinkhu womwe matenda amayambira, kumapeto kwa unyamata ndi zaka za m'ma 20, anyamata amayamba msanga kuposa atsikana, ngati mmene zachitikira kwanuko. Koma si magazi okha, mwaona kale pa mapasa aja, mmodzi akadwala mwayi woti mnzake adwalenso ndi pafupifupi theka basi. Mavuto a pa mimba ndi pobadwa, nkhanza za paubwana, chamba champhamvu chosuta udakali wamng'ono, zonsezi zimaonjezera.

Pali mbali ina yomwe mukapitiriza kusaka pa intaneti mukumana nayo, nde bola muimve kwa ine. Mankhwala omwewa nawonso ali ndi gawo pa kusintha kwa ubongo. Ku Iowa, Beng-Choon Ho ndi Nancy Andreasen anatsatira odwala 211 kwa zaka zingapo akuwajambula mobwerezabwereza, ndipo mu 2011 analemba kuti amene analandira mankhwala ochuluka kwa nthawi yaitali ubongo wawo unachepa mochulukirapo. Ku Pittsburgh anapatsa anyani mankhwala a matendawa, haloperidol ndi olanzapine, kwa nthawi yaitali nkuona zofananazo. Sindikubisani zimenezi. Koma kusinthaku kumapezekanso mwa anthu amene angoyamba kumene kudwala asanamwe piritsi olo limodzi, ndipo ma ventricle aakulu anaonedwa kale m'zaka za m'ma 1920 ndi njira yakale yopopera mpweya m'mutu, mankhwalawa asanapangidwe nkomwe, poti oyamba ake, chlorpromazine, anabwera m'ma 1950. Gulu la ku Iowa lomwelo linapezanso kuti kukhala nthawi yaitali matenda atabwereranso kumayenda limodzi ndi kuchepa kwa ubongo. Phunziro lomwe madokotala tinatengapo ndi loti tizipereka dozi yochepetsetsa yomwe ikugwira ntchito, tisamaunjike mankhwala awiri atatu popanda chifukwa. Kusiyiratu ndi nkhani ina. Mu 2012 Stefan Leucht ndi anzake anaphatikiza makafukufuku 65, nkupeza kuti pakutha pa chaka matenda anabwerera mwa anthu 27 pa 100 alionse amene anapitiriza mankhwala, koma mwa amene anapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala anabwerera mwa 64 pa 100. Ndipo kubwerera kulikonse kumatenga kanthu, sukulu imaima, ntchito imatha, anzake amathawa, pena mankhwala omwe ankagwira bwino poyamba safulumiranso kugwira.

Nde ndalama zanu zapita pachabe? Ayi ndithu. Ntchito ya sikani pa munthu amene wayamba kumva mawu kapena kusokonekera ndi kutsimikiza kuti palibe chinthu china chomwe chikubisala kumbuyo. Chotupa, khunyu yochokera m'mbali mwa ubongo, kutupa kwa ubongo, zonsezi zitha kuyamba ngati misala. Kafukufuku wa 2023 mu magazini ya JAMA Psychiatry anaphatikiza ma MRI a odwala pafupifupi 1,600 amene anali atangoyamba kudwala, ndipo pafupifupi 6 pa 100 anapezeka ndi chinthu chofunika kuti dotolo achitepo kanthu. Ndi ochepa koma si zero. Lipoti lanulo lakuchotserani nkhawa imeneyo, mchimwene wanu alibe chotupa, ndi nkhani yabwino yoti muyamike.

Kwa ena amene akuwerenga ali ndi m'bale wodwala chonchi ndipo ndalama ndi zovuta, sindinganene kuti aliyense agulitse mbuzi kapena njinga kuti akajambulitse. Koma pali zizindikiro zomwe zikaoneka sitichedwa. Munthu wayamba kusokonekera koyamba atapitirira zaka 40. Zayamba mwadzidzidzi, masiku ochepa chabe, dzana anali bwinobwino. Akutentha thupi, khosi lauma, mutu ukumupweteka kwambiri mpaka kusanza. Wakomoka kapena kugwa ngati khunyu. Mkono kapena mwendo wafooka, pakamwa papindika, akuyenda modzandira, maso akuona ziwiriziwiri. Sakudziwa komwe ali kapena tsiku, pena akuwodzera pena akudzuka. Anamenyedwa kapena kugwa pa njinga yamoto masabata apitawa. Ali ndi HIV ndipo anasiya ma ARV kapena chitetezo chatsika. Wodwala schizophrenia nthawi zambiri amadziwa kuti ali kunyumba, amakuzindikirani, amadziwa kuti lero ndi Lachitatu, chomwe chasokonekera ndi tanthauzo lomwe akupereka ku zinthu. Amene sakuzindikira malo ndi anthu tiyambe taganiza za matenda a m'thupi, ndipo ameneyo malo ake ndi ku wodi ya odwala wamba msangamsanga.

Ndipo kwathu kuno zambiri zomwe zimanamizira schizophrenia sizifuna MRI kuti zipezeke. Kuyeza HIV, chindoko, malungo, shuga, kupopa madzi a kumsana ngati akukayikira meninjaitisi, kufunsa za chamba ndi kachasu, kuona mankhwala ena omwe akumwa, mwachitsanzo ARV yotchedwa efavirenz imasokoneza anthu ena maganizo ndi tulo. Zoyeza zimenezi ndi zotchipa, zambiri zimapezeka pa chipatala cha boma, nde onani m'buku lake la kuchipatala ngati zinachitika, ngati sizinalembedwe pemphani. MRI ndi yosowa kuno, makina oyamba m'Malawi anafika mu 2008 ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndipo anabwera makamaka chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana. CT imapezeka mosavutirapo, imatha mphindi zochepa, imaona bwino magazi ndi zotupa zazikulu koma imagwiritsa ntchito ekisire ndipo tinthu ting'onoting'ono imatiphonya.

Ndionjezere ichi kwa amene akukonzekera kupita ndi wodwala ku MRI, chifukwa anthu saganizira. Munthu amavula lamba, ndolo, foni ndi makiyi amasiya panja poti muli maginito amphamvu, amagona chagada pa kabedi kopapatiza, kumutu amamuveka chinthu ngati chipewa chotchinga nkhope, kenako bedi limalowa mu chimphanga ndipo makina amayamba kugogoda mokweza kwa mphindi 20, 30 pena kupitirira, osagwedeza mutu. Kwa ife ndi zotopetsa chabe. Kwa munthu amene akukhulupirira kuti anthu akumuwerenga maganizo kapena anamuika kachipangizo m'mutu, ndi zoopsa zedi, ndipo zitha kulimbitsa mantha omwewo. Mufotokozereni zonse musanapite, musamunamize kuti mukupita kwina, ndipo ngati palibe changu dikirani mankhwala ayambe agwira.

Tsopano za amalume. Musakangane nawo ngati mdani, nawonso akufuna mwana wa mlongo wawo achire, ndipo maganizo awo akumveka: makina aakulu odula ayang'ana m'mutu sanapeze kanthu, nde vuto lili kwina. Auzeni kuti makinawo amajambula maonekedwe a ubongo, sajambula kagwiridwe kake ka ntchito. Anthu ambiri a khunyu MRI yawo imatuluka yoyera koma tonse timawaona akugwa, ndipo akamwa mankhwala kugwako kumachepa. Afunseninso mwaulemu kuti chiyambireni mankhwala mnyamatayu akugona bwanji, akudya, mawu aja achepa kapena ayi, chifukwa umboni wake uli pamenepo. Ngati banja likufuna mapemphero apemphere ndithu, ine sindiletsa, koma mapiritsi azimwa, asamumange unyolo, asamusalitse kudya masiku, asamumwetse zinthu zoti simukudziwa kuti muli chani. Kungatheke, tengani amalumewo ku kiliniki tsiku la sikelo yake yotsatira akamve okha ndi kufunsa mafunso awo, kaya ndi ku Zomba Mental, ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kapena kwa a zamaganizo a pa chipatala cha boma lanu.

Mukamapita nyamulani lipotilo ndi CD ya zithunzi ngati anakupatsani, musataye, tsiku lina zinthu zikadzasintha chidzakhala choyerekezera. Muwauze adokotala ngati akuuma thupi, kunjenjemera manja, kutuluka dovu, kulephera kukhala pansi, kugona usana wonse kapena kunenepa mofulumira, chifukwa odwala ambiri amasiya mankhwala kaamba ka zimenezi osati kaamba ka amalume, ndipo zambiri zimakonzeka potsitsa dozi, kusintha mtundu kapena kuonjezera benzhexol pa kuumako. Ngati amaiwala kapena kukana mapiritsi funsani za jakisoni wa pamwezi. Ngati amasuta chamba nenani poyera osachita manyazi. Ndipo akayamba kulankhula zofuna kudzipha, kapena mawu aja akamamulamula kuti adzivulaze kapena avulaze wina, musadikire tsiku lomwe analemba m'buku, pitani naye tsiku lomwelo.